Kachitsulo Kamene Ndinasinthanitsa

Minasawa,
19 Novembala 2024

Okondedwa Achemwali Kikue,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi zidzukulu zonse. Ndamva pa wailesi kuti kwanuko ku Asahikawa chipale chofewa chayamba kale kugwa, ndiye mawondo anuwo muziwafunditsa, musamachite makani monga mwa chizolowezi chanu. Kuno kukungozizira m'mawa mokha. M'katoni imene ndatumiza muli zipatso za kaki zouma za mumtengo wa amayi uja. Chaka chino wabereka ngati wamisala. Naoki ali bwino ku Nagoya, akuti abwera ndi mkazi wake pa chaka chatsopano.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Pafoni mukanandidula mawu, inenso ndikanayamba kuseka ngati ndi nkhani yachabe. Si yachabe, achemwali. Ndachita chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndikufuna muchimve kwa ine chisanakupezeni kudzera kwa anthu ena.

Mukudziwa mmene bambo a Naoki anakhalira chitsekereni shopu yathu yonyika nsalu. Zaka zisanu ndi chimodzi! Kudzuka, kumwa tiyi, kukhala pampando wa pazenera n'kumayang'ana madzi a mu ngalande mpaka dzuwa kupendeka. Ndikafunsa kuti, "Bambo, lero mudya nsomba kapena tofu?" yankho linali lakuti, "Chilichonse." Ndikati tiyeni tikawongole miyendo, iwo, "Mawa." Ndinawagulira ndodo yowedzera, ili kuseri kwa chitseko mpaka lero. Ndinafika pongozolowera, n'kumati ukalamba ndi womwewu, a Genzo anga anatha.

Ndiye m'mwezi wa Epulo kunabwera a Hirabayashi, dotolo wa mano uja anapuma ntchito. Mukudziwa kuti kuno ku mbali yakale ya tauni salola kuimika mlongoti wa mafoni, n'chifukwa chake mukandiimbira ndimachita kutuluka kukaima pamlatho. Tsono kampani ya mafoni inapempha kuti iike timabokosi tating'ono ta netiweki pa mapolo a nyale za mumsewu. A ku ofesi ya tauni anati ayi, tiyambe talemba malamulo a mmene timabokosito tizionekera, kuti tisaipitse msewu umene alendo amabwerera kudzajambula. Anapanga komiti, a Hirabayashi n'kukhala wapampando.

"A Genzo," anatero ali chiimire pakhomo, "m'tauni muno alipo wina wodziwa mitundu kuposa inu? Tikufuna maso anu."

"Maso anga anapuma kalekale," anatero bambo a Naoki.

Ndine amene ndinawakankha. Ndine amene ndinasita malaya, n'kuwaikira nsapato pakhomo. Zimenezi muzikumbukire pamene muzindiweruza.

Ku msonkhano woyambawo anabwerako akulankhula. Sanakhale pampando wa pazenera uja. Anandifotokozera ali chiimire, manja ali m'mwamba: bokosi lisakule kuposa mphika wa magetsi wophikira mpunga, likhale mamita anayi ndi theka kuchoka pansi, mawaya adutse m'kati mwa polo, asalendewere, lisayang'anizane ndi zenera la chipinda cha pamwamba, pamlatho ndi pa chipata cha kachisi pasaikidwe kanthu. Zonsezo komiti inagwirizana msanga. Chimene chinatsala ndi mtundu wa penti, ndipo ntchito imeneyo anaisiya m'manja mwa anthu awiri: iwowo ndi injiniya wa ku kampani.

"Mwanayo ali ndi maso," anatero. "Wangoyang'ana khoma la a Sueno ogulitsa ndiwo aja n'kunena kuti kuda kwake kuli ndi kabuluu. Ndani anamuphunzitsa zimenezo?"

Ine ndinkayesa ndi mnyamata. Mawa lake anagogoda pakhomo pathu ndi mtsikana wa zaka makumi atatu, dzina lake Mizuho Anzai, atavala chisoti choyera cha pantchito, nsapato zamatope, tsitsi atalimanga ndi mphira wamba. Si wokongola kwenikweni, achemwali, ndikunenetsa. Mano ake akutsogolo ndi aakulu. Koma akamamvetsera munthu amapendeketsa mutu ngati mawu akowo ndi madzi ndipo iye ali ndi ludzu.

Bambo a Naoki anatsegula chipinda chonyikira nsalu chimene chinakhala chotseka zaka zonsezi. Anasesa okha. Anadula tizitsulo tafulati tofanana ndi chikhatho, n'kumasakaniza penti, kachitsulo kalikonse ndi mtundu wake, kumbuyo n'kumatako kapepala ka nambala. Ankafuna mtundu wofanana ndi matabwa owauka a makoma a nyumba zathuzi, kuti munthu akamadutsa asaone kuti pa polo pali bokosi. Ndiye kunali kuyenda! M'mawa ali limodzi mumsewu, kugunditsa tizitsulo pa makoma. Masana ali limodzi, poti dzuwa lasintha. Mvula ikagwa, mtsikanayo amaimba foni: "Aphunzitsi, makoma anyowa, tiyeni tikaone!" Munthu amene ankati kuyenda ndi mawa ankathamangira ambulera ngati mwana wa sukulu.

Aphunzitsi! Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala nawo, palibe anawaitanapo choncho.

Tsiku lina ndikugula ndiwo kwa mayi Sueno, anandigwira mkono anthu ali pomwepo. "Mayi a Naoki, amuna anu ayamba kuthira mafuta kutsitsi. Mwawamwetsa mankhwala anji? Tiuzeniko nafe, anga aja angoti phwii ngati thumba la mbatata."

Mkazi wa wometa tsitsi uja n'kulowererapo: "Mankhwala ake si aja amavala chisoti choyera?"

Onse gwedegwede kuseka. Inenso ndinaseka, ndinati, "Awatenge, andipumitse kuchapa." Koma pobwerera ndinadutsa pakhomo panga osazindikira, ndinakadzidzimukira ku mlatho, dengu lili m'manja.

Ndinagula juzi yatsopano. Ndinaivala masiku atatu motsatizana, kuwadutsa kutsogolo, kuwathirira tiyi. Tsiku lachitatu ndinawatseka m'maso ndi manja anga ndili kumbuyo kwawo, monga mocheza, ndinati, "Tanenani, akatswiri a mitundu, juzi yanga ndi yotani?"

Anangoti, "Yabuluu?"

Inali yobiriwira, achemwali. Munthu amene amasiyanitsa kuda kwa mitundu khumi ndi inayi.

Musandimve molakwa. Sindinawaonepo akugwirana dzanja, sindinapeze kalata, palibe chilichonse chimene ndingapite nacho kwa munthu n'kunena kuti taonani. Mwina chikanakhalapo bwenzi zili bwino, ndikanakalipa n'kutha. Chimene chinkandidya n'chakuti ine ndinayesa zaka zisanu ndi chimodzi kudzutsa munthuyu osatheka, wina wangobwera ndi nsapato zamatope n'kumudzutsa tsiku limodzi.

Tsono tsiku limene linandimaliza ndi ili. Kunali kotentha, mu Ogasiti. Ndinawatengera tiyi wozizira ku chipinda chonyikira chija. Anali atayala tizitsulo tonse patebulo, mitu yawo itayandikana, akukangana za nambala 12 ndi 13, zimene kwa ine zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Pambali panali kena, nambala 9, kakuda kofiirira ngati nyemba za azuki zophika. Ndinakatola. Ndinati, "Komatu aka n'kokongola."

Onse awiri anayankha pamodzi, mawu amodzimodzi, ngati anachita kupangana: "Ayi, n'kofiira kwambiri."

Atazindikira kuti alankhula pamodzi anayang'anana n'kuseka. Sankaseka ine, ndikudziwa. Mtsikanayo mpaka anaimirira n'kuwerama, kuthokoza chifukwa cha tiyi. Koma ndinatuluka m'menemo makutu akulira. M'nyumba mwanga momwe, ine ndinali mlendo wobweretsa tiyi.

Pomaliza anasankha nambala 12, komiti n'kuvomereza. Kachitsuloko kanayenera kukafika ku ofesi ya tauni Lachisanu lisanakwane masana, kuti akatumize ku fakitale yopaka penti, ikafanizire mtunduwo. Lachinayi bambo a Naoki msana unawagwira ponyamula chidebe. Lachisanu m'mawa anali chigonere. Anaika kachitsuloko mu envelopu pamodzi ndi pepala limene anadindapo chidindo chawo, n'kumata, n'kundipatsa.

"Mayi, mundiperekereko. Musaipinde."

Ndikufuna ndikuuzeni kuti satana anandilowa mwadzidzidzi, koma ndinama. Ndinaika ketulo pamoto mtima uli m'malo. Ndinamatula envelopuyo ndi nthunzi. Ndinapita ku chipinda chonyikira, ndinatenga nambala 9, n'kusinthanitsa timapepala ta nambala. Koyenera kaja ndinakabisa pansi pa kabati ya zovala zanga. Ndinamatanso bwinobwino, n'kuyenda mpaka ku ofesi ndikupereka moni kwa aliyense. Mumtima ndinkati: aonere, ndiponso mwina akakaona pa polo adzavomereza kuti n'kokongola. Sindinaganize zopitirira pamenepo. Kapena ndinaganiza, sindikudziwa.

Sabata imeneyo Mizuho anali ku likulu la kampani yawo. A ku ofesi anamutumizira pepala lokha, anaona nambala 12 ndi chidindo cha aphunzitsi ake, anasaina.

Kumapeto kwa Okutobala kunabwera galimoto ya makwerero. Masiku awiri okha, timabokosi makumi atatu ndi asanu ndi atatu tili m'mwamba. Achemwali, m'chipinda muja kusiyana kwake kunali kochepa. Koma panja, padzuwa, kumbuyo kuli makoma akuda aja, timabokosito tinkaoneka ngati zithupsa pankhope. Kuima pamlatho n'kuyang'ana, unkatiwerenga tonse mpaka kumapeto kwa msewu. Bambo a Naoki anaima pansi pa polo yoyamba nthawi yaitali, khosi lili chagada, chipewa chili m'manja. Kenako anavala chipewacho. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono.

Loweruka lotsatira kunali msonkhano ku holo, anthu oposa makumi asanu. Ine ndinakhala kumbuyo. A Hirabayashi anali ataitanitsa kachitsulo kaja ku fakitale, kali patebulo. Anamenya tebulo: "Miyezi isanu ndi umodzi tikulemba malamulo, ndiye mutipachikire nyemba pa mapolo?" Bwana wa Mizuho, wa taye ndi nkhope yosalala, anati kampani ikupepesa, wolakwa ndi wantchito wawo amene anasaina osaona ndi maso. Mtsikanayo anaimirira, anawerama mpaka tsitsi kukhudza tebulo, n'kukhala choncho osadzuka. Makutu ake anali psuu.

Bambo a Naoki anatambasula dzanja, anatola kachitsuloko, anakatembenuza n'kuyang'ana kumbuyo. Kenako anaimirira, atagwira msana.

"Mwanayu mumusiye. Envelopu ndinalongedza ndine. Ndinasokoneza tizitsulo poika manambala. Maso anga akalamba, ndinkangokana. Kuyambira lero ndatula pansi udindo."

Mizuho anadzutsa mutu, anati, "Aphunzitsi, si zoona!" Iwo anangomukwezera dzanja kuti akhale chete.

Kodi mukudziwa chimene ndinaganiza pamenepo, ine mng'ono wanu? Osati chisoni. Osati manyazi. Ndinaganiza kuti: taonani, anamiza anthu onsewa chifukwa cha iyeyu. Munthu amene sananamepo ngakhale kuti mpunga wopserera ukukoma.

Titafika kunyumba ndinaphika chakudya chamasana. Tinadya. Ndikuchotsa mbale, iwo anati, maso ali pazenera, "Dzanja langa limanjenjemera. Timapepala tanga tonse ndimamata mopendekeka. Kaja kanali kowongoka bwino. M'nyumba muno womata zinthu mowongoka ndi mmodzi."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinayenera kupepesa, ndikudziwa. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi ichi: "Ndiye mumateteza ndani kuholo kuja? Iyeyo kapena ine?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Iwe Tatsue." Chikwatirane sanandiitanepo choncho kupatula tsiku limene Naoki anabadwa. "Ndikati iwe, sukhulupirira. Ndikati iye, ukhulupirira. Ndiye ukufuna ndiyankhe chiyani?"

Anadzuka n'kukakhala pampando wa pazenera uja.

Masiku atatu. "Mudya chiyani?" "Chilichonse." Mafuta akutsitsi anabwerera mu kabati. Chipinda chonyikira anachikhoma. Ndinaona ndi maso anga kuti ndatentha nkhokwe pofuna kupha khoswe, ndipo khosweyo mwina kunalibe.

Tsiku lachinayi ndinatenga nambala 12 yeniyeni ija, ndinaikulunga mu mpango, n'kupita kwa a Hirabayashi. Ndinawauza zonse ndili chogwada pakhonde pawo, mpaka za ketulo. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi a Naoki, ndazula mano ovunda ambiri pa moyo wanga, koma ili mizu yake ndi yaitali. Bwanji osangowabisira nsapato monga amachitira akazi ena?"

Pofika madzulo tauni yonse inali itamva. Mayi Sueno tsopano akandiona amaloza kumwamba: "Mayi a Naoki, ana anu aja agona bwanji pa mapolo?" Alendo akafunsa za timabokosito, amawauza kuti ndi ta mayi wina wokonda nyemba. Komiti inawonjezera lamulo latsopano, lakuti chitsanzo cha mtundu chizionedwa panja, padzuwa, ndi anthu atatu chisanatumizidwe. M'buku ndi ndime ya khumi ndi chimodzi, koma aliyense akulitchula kuti lamulo la Tatsue. Ndalowa m'malamulo a tauni, achemwali, amayi akanakhalapo sindikudziwa akanalira kapena akanaseka.

Bambo a Naoki anakwiya kuposa poyamba. "Ndinadzinyoza pamaso pa anthu makumi asanu kuti dzina lako likhale loyera, iwe wapita kukativula tonse awiri!" Anakalipa mpaka chikho kugwa. Ndikuuzeni zoona, kukalipako kunandikomera kuposa "chilichonse" uja. Komanso mwamva mmene ananenera? Dzina lako. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo ngati nsomba pamoto, sindikudziwa ngati anapsa kapena ananena chifukwa cha mkwiyo chabe.

A Hirabayashi anabwera kawiri kudzawapempha, ndipo bambo a Naoki abwerera mu komiti. Timabokosi adzatipakanso kukayamba kufunda. Koma Mizuho kampani yamusamutsa ndithu, akupita ku tauni ina ya kugombe la kumpoto. Kuulula kwanga sikunamuthandize, akuti kusaina osaona ndi mlandu pawokha.

Anabwera kudzatsazika Lolemba lapitali. Bambo a Naoki anali kwa dotolo wa msana, ndiye tinali awiri. Ndinagwada pakhomo, mphumi pansi, ndinapepesa. Iye anagwadanso, anandigwira mapewa. Manja ake ndi okhakhala ngati a mwamuna.

"Mayi, dzukani. Kusaina ndinasaina ndekha, mlandu umenewo ndi wanga. Koma pali china chimene ndinalakwa. Tsiku lija munati nambala 9 n'kokongola, ndinayenera kukufunsani chifukwa chake. Ntchito yanga ndi kufunsa anthu a mumsewu. Ndinafunsa aliyense, inu nokha ayi. Munakakonderanji?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, kanangondisangalatsa. Anandiyang'ana atapendeketsa mutu muja, sanaumirire. Anasiya bokosi la makeke ndi adiresi yake, akuti aphunzitsi azimulembera akafuna. Adiresiyo ndinawapatsa, musadandaule. Ndinangoiloweza kaye.

Koma ndinamunamiza, achemwali, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kufika, n'chifukwa chake ndazungulira mapepala onsewa.

Mtundu umenewo ndimaudziwa. Ndi wa nsalu yokulungira katundu imene a Genzo ananyika ndi manja awo n'kukubweretserani inu, chaka chimene ankabwera kwathu kudzaona inu, musanapite ku sukulu ya unamwino n'kukwatiwa komweko. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndimabweretsa tiyi. Munaitambasula pamaondo panu, iwo akuseka mmene sindinawaonenso akuseka mpaka chaka chino. Inu mutatuluka kukawaperekeza, ndinalowa m'chipinda mwanu, ndinaiika patsaya langa. Patapita zaka ziwiri makolo anakonza zoti akwatire ine. Anandisunga bwino, sanandimenyepo, sanagonepo kunja. Anyika nsalu za tauni yonse. Ine sanandinyikirepo ngakhale kampango. Nkhani imeneyi inu ndi ine sitinaikambepo, ndipo mwakhala mukundikomera mtima nthawi zonse, zimene zinkangowonjezera.

Ndiye pamene anati "n'kofiira kwambiri," sindinadziwe ngati aiwala, kapena akukumbukira kwambiri. Sindingawafunse. Yankho lililonse lindipweteka, iwonso anena kale zimenezo.

Ndili ndi pempho limodzi. Ngati nsalu ija mukadali nayo, musanditumizire, ndipo musaitaye chifukwa cha ine. Mungoitulutsa, muiyang'ane pazenera kukuwala, mundilembere mundiuze ngati inasuluka. Mundiuze zoona. Mukanama ndidzadziwa, monga mmene ndinkadziwira tili ana.

Perekani moni kwa alamu anga, muwauze asamachotse okha chipale pakhomo ndi fosholo, ana alipo. Moni kwa mwana wanu Chiharu ndi ana ake onse. Bambo a Naoki ali m'chipinda chonyikira pamene ndikulemba pano, ndikumva akutsuka maburashi. Sakudziwa kuti ndikukulemberani. Ndikawauza anena kuti, "Upereke moni kwa a Kikue," ndipo ine ndidzamvetsera mmene atchulire dzina lanulo, ndidzaliyeza tsiku lonse. Choncho moni wawo mulibe m'kalata muno. Mundikhululukire. Landirani wanga wokha, ndi wochokera pansi pa mtima, ngakhale mtimawo ndi umene mwauonawu.

Ndine mng'ono wanu,
Tatsue